Mbiri ya Ntchito Yosamalira Mapapo a Ana Obadwa Masiku Asanakwane

Mapapo ndi chimodzi mwa ziwalo zimene zimachedwa kukhwima mwana ali m'mimba. Maselo otchedwa fibroblast amapanga kolajeni, puloteni yolimba ngati ulusi imene imachirikiza tinjira ta mpweya, mitsempha ya magazi ndi timatumba ta mpweya. Timatumbati timayamba kuoneka cha m'sabata ya 36 ndipo timachulukabe mwana atabadwa. Choncho mwana wobadwa pa miyezi 7 amayamba kupuma ndi mapapo amene sanathe kupangika.

Mu 1959, Mary Ellen Avery ndi Jere Mead a ku Harvard anapeza kuti ana ambiri otere amamwalira chifukwa chosowa surfactant, timadzi toterera timene timaletsa timatumba kumatirirana mwana akatulutsa mpweya. Imfa ya Patrick, khanda la Pulezidenti John F. Kennedy, mu 1963 inachititsa kuti vutoli lidziwike paliponse, ndipo zipatala zinalimbikira kuika ana pa makina owapopera okosijeni mwamphamvu.

Makinawo anapulumutsa ana ena, koma anabweretsa vuto lina. Mu 1967, William Northway ndi anzake ku Stanford anafotokoza za matenda atsopano otchedwa bronchopulmonary dysplasia. Okosijeni wochuluka ndi mphamvu ya makina zinkavulaza mapapo anthete, thupi nkumathira kolajeni wambiri pa malo ovulalawo. Zikupa za timatumba, zimene zimayenera kukhala zopyapyala kuti mpweya uzilowa m'magazi, zinkakhuthala ndi zipsera, mapapo nkuuma.

Kuyambira pamenepo madokotala anayamba kufunafuna njira zosavulaza mapapo. Mu 1971 George Gregory wa ku San Francisco anayambitsa CPAP, imene imapereka mpweya pang'onopang'ono mosalekeza mwana akupuma yekha. Mu 1972 Graham Liggins ndi Ross Howie a ku Auckland anasonyeza kuti mankhwala a steroid obaya mayi asanachire amakhwimitsa msanga mapapo a mwana. Mu 1980 Tetsuro Fujiwara wa ku Japan anathira surfactant m'mapapo a makanda, ndipo makandawo anayamba kupuma bwino.

Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 zipsera zinachepa, koma ana obadwa msanga kwambiri ankakhala ndi timatumba towerengeka, tikulutikulu, chifukwa kukula kwa mapapo kunkaima panjira. Patapita zaka, ku Malawi, chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi yunivesite ya Rice ya ku America anakonza Pumani, makina a CPAP otsika mtengo amene anafalikira m'zipatala za maboma.