Chithandizo cha mwana chingapitirire ngati akadali pasukulu

Makolo ena amene banja lawo lidatha, monga ku Lisasadzi m'boma la Kasungu, amasiya kupereka chithandizo mwana akangokwanitsa zaka 18.

Malamulo oyendetsera dziko lino, omwe adasinthidwa m'chaka cha 2017, amati mwana ndi munthu amene sanakwanitse zaka 18. Komabe lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limapatsa bwalo la milandu mphamvu zowonjezera nthawi ya chithandizocho ngati mwanayo akupitiriza maphunziro kapena akuphunzira ntchito.

Izi sizichitika zokha. Wolera mwanayo ayenera kukapempha kubwalo, atatenga umboni wochokera kusukulu.

Mlimi amene fodya wake sadayende bwino kumsika wa Chinkhoma angathe kupempha bwalo kuti liunikenso ndalamazo, osati kungosiya kulipira mwa yekha.