Mafunso a Zaumoyo ku Chifunde

Awa ndi mafunso olembedwa pa fomu amene wodwala amayankha kuti achipatala adziwe mmene akumvera. M'boma la Chifunde, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, mafomu amakhala m'Chipwitikizi pomwe anthu ambiri amalankhula Chichewa, ndipo ena sanapite patali ndi sukulu. Choncho namwino amawerenga funso n'kulimasulira pakamwa, ndiye namwino aliyense amamasulira mwakemwake. Osavuta ndi mafunso oyankha kuti inde kapena ayi, monga SRQ-20 ya bungwe la WHO, yomwe imafunsa ngati mutu umapweteka pafupipafupi kapena tulo sitibwera. Inayesedwa kale m'Chichewa pakati pa amayi a ana aang'ono ku Thyolo, ku Malawi. Mafunso osankha pa mayankho anayi ndiwo amasokoneza odwala.