Mankhwala opaka a testosterone: kumene anachokera ndi zimene akutanthauza ku Mchinji

Mlimi wa ku Mchinji amene ali ndi ngolo amadziwa chifukwa chake ng'ombe zimafulidwa. Nkhunzi imavuta pagoli, pomwe mfule imafatsa, khosi lake silikula kwambiri ndipo sithamangitsanso zazikazi. Anthu anazindikira kalekale kuti m'machende muli kanthu kamene kamalamulira thupi lonse la chamuna. Chimene chinavuta ndi kukadziwa kanthuko, kenaka kupeza njira yokaperekera kwa munthu amene thupi lake silikapanga.

Umboni woyamba unachokera kwa nkhuku. Mu 1849, Arnold Berthold wa ku Göttingen m'dziko la Germany anafula atambala angapo. Atambalawo anasiya kulira, kumenyana ndi kulondola nkhuku zathadzi. Ena mwa iwo anawabwezera machende powaika m'mimba, malo amene si ake, ndipo anakula ngati atambala enieni. Popeza machendewo sanalumikizanenso ndi mitsempha yawo yakale, Berthold anaona kuti uthenga wawo umayenda m'magazi. Mawu akuti mahomoni anali asanapangidwe nthawi imeneyo.

Patapita zaka 40, nkhaniyi inalowa m'manja mwa munthu wotchuka amene anaisokoneza. Charles-Édouard Brown-Séquard, katswiri wolemekezeka wa ku Paris, anauza anzake mu 1889 kuti wakhala akudzibaya madzi ofinyidwa m'machende a agalu ndi a mbira, ndipo kuti pa zaka 72 mphamvu zake zabwerera. Madokotala ambiri ku Ulaya ndi ku America anayamba kubaya odwala madzi omwewo. Ofufuza a ku Australia atabwereza kapangidwe kake mu 2002 anapeza kuti munali homoni yochepa kwambiri moti sikanasintha chilichonse, chifukwa machende amapanga testosterone n'kuitumiza m'magazi, saisunga. Chimene chinamulimbitsa mkuluyu chinali chikhulupiriro chake. M'zaka za m'ma 1920, Serge Voronoff anafika pomasokerera tizidutswa ta machende a anyani m'thupi la abambo olemera, ndipo nayenso sanasowe makasitomala.

Homoni yeniyeniyo inapezeka mu 1935. Gulu la Ernst Laqueur ku Amsterdam linaichotsa m'machende a ng'ombe n'kuitcha testosterone, ndipo chaka chomwecho Adolf Butenandt ku Germany ndi Leopold Ruzicka ku Switzerland anaipanga m'labotale. Awiriwa anapatsidwa mphoto ya Nobel mu 1939.

Kenaka panabuka vuto la kaperekedwe. Testosterone ikamwedwa, chiwindi chimaiphwanya yambiri isanagwire ntchito. Mapiritsi a methyltestosterone, amene anakonzedwa kuti apirire chiwindi, anapezeka kuti amachiwononga. Jakisoni wa testosterone enanthate wa m'zaka za m'ma 1950 anathandiza, koma homoni imakwera kwambiri m'masiku oyamba n'kutsika nthawi ya jakisoni wina isanakwane, ndipo wodwala amamva kusinthako m'thupi ndi m'maganizo. Khungu linaoneka ngati khomo labwino. Mu 1993 ku America kunavomerezedwa chomata cha Testoderm, chimene chinkamatidwa pachikopa cha machende atametedwa, ndipo n'zosadabwitsa kuti ambiri sanachikonde. Androderm ya mu 1995 inkamatidwa pamsana kapena pantchafu koma inkayabwitsa. Mu 2000 bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linavomereza AndroGel, mankhwala opaka m'mapewa kamodzi patsiku.

Matenda amene mankhwalawa anapangidwira alipodi, koma si ofala. Ndi a mwamuna amene machende ake anavulala, anapotokola, anachotsedwa kapena anaonongeka ndi matsagwidi, wobadwa ndi vuto la Klinefelter, kapena amene ali ndi chotupa pa kachiwalo ka pansi pa ubongo kotchedwa pituitary. Kwa munthu wotere testosterone imabwezeretsa chilakolako, minofu, magazi ndi kulimba kwa mafupa. Koma mankhwala osavuta kupaka anatsegula msika wina. Otsatsa malonda ku America anayamba kuuza bambo aliyense wotopa kapena wonenepa kuti mwina homoni yake yatsika. Pakati pa 2001 ndi 2011, chiwerengero cha abambo a zaka 40 kupita m'tsogolo olandira testosterone kumeneko chinawonjezeka katatu, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anayamba mankhwalawo asanayezedwe magazi.

Mavuto anayamba kuonekera mwa ana. Mu 2009 FDA inalamula kuti pamabokosi alembepo chenjezo lalikulu, italandira malipoti a ana asanu ndi atatu, a miyezi 9 mpaka zaka 5, amene anakhudzana ndi khungu la akuluakulu opaka mankhwalawa. Anawo anamera tsitsi la kumaliseche, ziwalo zawo zobisika zinakula msanga, ndipo ena anasanduka aukali. Malangizo ake amati wopaka asambe m'manja ndi sopo, adikire kuti paume, avale malaya, ndipo asambe pamalopo asanakhudzane ndi wina. Amene anayendapo m'midzi ya kwa Mkanda kapena kwa Zulu akudziwa kuti malangizo amenewa ndi olemera pakhomo pomwe banja limagona pamphasa imodzi, thaulo ndi limodzi, madzi ndi otunga kumjigo, ndipo bambo amanyamula mwana ali chifuwa pamtunda pochokera kumunda. Mayi woyembekezera ndiye sayenera kukhudza mankhwalawa n'komwe.

Za mtima zinatenga nthawi kuti zimveke. Kafukufuku wina wa abambo okalamba 209 anaimitsidwa asanathe, ndipo zotsatira zake zitatuluka mu 2010 zinaonetsa kuti 23 mwa opaka testosterone anapezeka ndi mavuto a mtima ndi mitsempha, poyerekeza ndi 5 mwa opaka mankhwala opanda kanthu. Mu 2015 FDA inanenetsa kuti mankhwalawa ndi a matenda odziwika, osati a ukalamba. Kafukufuku wamkulu wa TRAVERSE, wa abambo oposa 5,000, anapeza mu 2023 kuti sitiroko ndi imfa za mtima sizinachuluke, ngakhale kugunda kwa mtima kosalongosoka ndi magazi oundana m'mapapo zinaonekera mochulukirapo.

Pali mbali ina imene otsatsa malonda satchula, ndipo kwa banja la Chimalawi ndi yolemera kuposa zonsezi. Testosterone yochokera kunja kwa thupi imaletsa kubereka. Ubongo ukaona kuti homoni yakwanira m'magazi umasiya kutumiza uthenga kumachende, ndipo machende amaleka kupanga mbewu. Zimenezi n'zodziwika bwino moti bungwe la WHO linayesapo testosterone ngati njira yolera ya abambo: pa kafukufuku wa mu 1990 wa abambo 271 m'maiko asanu ndi awiri, pafupifupi awiri mwa atatu alionse analibiretu mbewu mu umuna pasanathe miyezi isanu ndi umodzi akubayidwa sabata ndi sabata. Mbewu zimabwerera munthu akasiya, koma pamapita miyezi. Bambo amene akufuna mwana, akaganiza kuti mankhwala a “mphamvu” amuthandiza, amadzitsekera yekha khomo. Umuna umatuluka monga mwa nthawi zonse, iye sakayika kanthu, ndipo amene amapita kwa ankhoswe kukafunsidwa za kusabereka kawirikawiri ndi mkazi.

Ku Mchinji, dandaulo la kuchepa mphamvu m'nyumba silinayambe ndi mankhwala a m'mafakitale. Mizu ya gondolosi yakhala ikugulitsidwa m'misika kwa nthawi yaitali. Chatsopano ndi katundu wodutsa m'malire. Msewu wochokera ku Lilongwe umadutsa pa Boma n'kukalowa Zambia pa Mwami kupita ku Chipata, ndipo njira zachidule za njinga n'zosawerengeka. Mu 2019 Malawi ndi Zambia analetsa chakumwa china chopatsa mphamvu chopangidwa ku Ndola chitapezeka ndi sildenafil, mankhwala a mu Viagra, amene sanalembedwe pabotolo. Chaka chomwecho Malawi inakhazikitsa lamulo lopanga bungwe la PMRA m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board. Mafuta opaka ogulidwa pamsika popanda kalata ya dokotala akhoza kukhala ndi testosterone, kanthu kena, kapena osakhala ndi kalikonse, ndipo wogula alibe njira yosiyanitsira.

Bambo akaulula vutoli kwa mlangizi wa zaumoyo, nthawi zambiri gwero lake limakhala lina. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo 5.6 peresenti anali ndi shuga. Matenda awiriwa amaononga mitsempha ya kumaliseche mwakachetechete, ndipo kufooka m'nyumba kumatha kukhala chizindikiro chawo choyamba. Mowa, fodya, nkhawa, TB ndi HIV yosalandira chithandizo zimachitanso chimodzimodzi. Ma ARV aulere asanayambe mu 2004, kuwonda kwa Edzi kunkatsitsa testosterone mwa abambo ambiri, ndipo chithandizo chachikulu chinali kugonjetsa kachilomboko.

Kuyeza BP, shuga ndi HIV n'kotheka m'boma momwemo. Kuyeza testosterone kumafuna labotale yaikulu, magazi otengedwa m'mawa, pamasiku awiri osiyana, munthu asakudwala matenda ena. Mnyamata amene wafika zaka 16 mawu osasintha ndi machende osakula, kapena bambo amene machende ake afota ndipo mabere akukula, ndiye woyenera kutumizidwa kuchipatala cha boma cha Mchinji, ndipo kuchokera apo ku Kamuzu Central Hospital. Dokotala asanayambe mankhwala amaona kaye prostate, kuchuluka kwa magazi, ndi ngati banjalo likufunabe ana. Pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunikira, testosterone imene ilipo ndi ya jakisoni wa enanthate wa 200 mg. Yopaka palibe.