Dzira la agogo a ku Leeds

Tsiku loyamba limene agogo amene ndimawasamalira kuno ku Leeds anapempha dzira la kadzutsa, ndinaliwiritsa monga timachitira kwathu ku Katete, mpaka linauma gwa ngati aja amagulitsa anyamata pa siteshoni ya mabasi, okhala ndi kamchere ndi tsabola pambali. Agogowo analigogoda ndi supuni, n'kusuzumira m'kati, n'kulikankhira pambali. Sanakalipe. Anangoti asilikali awo alibe polowera.

Asilikaliwo ndi buledi. Amamuwamba m'tosta, n'kumupaka batala, n'kumudula timizere totalika ngati zala, timene timandandalikidwa m'mbale ngati anthu a pa perete. Dziralo amaliika m'madzi owira kale, pang'onopang'ono ndi supuni kuti lisang'aluke, ndipo limakhalamo mphindi 4 kapena 5 basi. Choyera chigwirane, koma chachikasu chikhalebe chamadzimadzi. Akalivuula amaliimika m'kakapu kake kopangidwira ntchito yomweyo, n'kudula kansonga, n'kumasunsa buledi uja m'katimo monga momwe ife timasunsira mbamu ya nsima m'thendo. Kuphika kwake ndi komweku. Koma m'kakapu kameneka muli mbiri ya dziko lino, ndipo inu abale anga amene mukubwera kudzagwira ntchito yosamalira okalamba mudzakumana nayo m'mawa uliwonse.

Kadyedwe aka ndi kakale. M'chaka cha 1726 Jonathan Swift anatulutsa buku la Gulliver's Travels, m'mene muli anthu omenyana nkhondo chifukwa chosagwirizana ngati dzira lowiritsa liyenera kuswedwa kumutu kwakukulu kapena kwakung'ono. Iye ankadzudzula udani wa Akatolika ndi Apulotesitanti umene unakhetsa mwazi wambiri kuno. Zikhulupiriro nazonso zilipo. Agogo akatha kudya amaboola chikhokho pansi ndi supuni, chifukwa amayi awo anawauza kuti mfiti zimachisandutsa bwato n'kukamiza amalinyero panyanja. Nditamva izi ndinakumbukira lichero la kwathu.

Koma chimene chimapangitsa okalamba a kuno kulemekeza dzira ndi nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Nkhondo isanayambe mu 1939, chakudya choposa theka cha anthu a ku Britain chinkabwera pa zombo kuchokera kunja, kuphatikizapo chakudya cha nkhuku. Sitima za pansi pa madzi za Germany zitayamba kumiza zombozo, boma linayamba kugawa chakudya moyeza pa 8 Januwale 1940, kuyambira nyama ya nkhumba, batala ndi shuga. Nkhuku zambiri zinaphedwa chifukwa chosowa chozidyetsa, ndipo mu 1941 mazira nawo analowa pa muyeso: munthu wamkulu dzira limodzi pa mlungu, ngati lapezeka. Kuyambira 1942 kunkabwera ufa wa mazira wochokera ku America, paketi imodzi yofanana ndi mazira 12. Ufa umenewo sungauimike m'kakapu, ndipo agogo mpaka lero amakwinya nkhope akaukumbukira. Mabanja ena anayamba kuweta nkhuku kuseri kwa nyumba za m'tauni, n'kumazidyetsa makoko a mbatata ndi zotsala za m'mbale.

Apa ndi pamene pandikhudza mtima. Munthu aliyense anali ndi kabuku kake kogulira chakudya, koma ana aang'ono ndi amayi oyembekezera anali ndi kabuku kobiriwira, kamene kankawapatsa mazira ndi mkaka oposa a anzawo. Pa nthawi ya usiwa, unduna wa zakudya umene ankautsogolera Lord Woolton unasankha kuti dzira lipite kaye kwa mwana ndi kwa mayi wapakati. Ine ndinakulira m'mudzi momwe anthu awiri omwewa ndiwo ankaletsedwa dzira. Ankati mayi wapakati akalidya mwana adzabadwa wopanda tsitsi, ndipo mwana akalizolowera adzadwala njirinjiri kapena adzayamba kuba m'zikwere za eni. Dzira linali la mlendo kapena la atate, kapena linkapita ku msika kuti tigule sopo ndi mchere. Sindinyoza makolo athu. Iwo ankadziwa kuti dzira ndi nkhuku ya mawa, ndipo chitopa chikalowa m'mudzi khola limatha pa mlungu umodzi. Koma mwana amene akukula sangadikire mawa.

Nkhondo imeneyo sinali ya Azungu okha. Anyamata a kwathu, nthawi imeneyo kukutchedwa Northern Rhodesia ndipo Chipata ali Fort Jameson, analembedwa m'gulu la Northern Rhodesia Regiment n'kukamenya ku Somaliland ndi ku Burma, ndipo kopa wa ku migodi ankapita kukapangira zida za Britain. Nditawauza agogo zimenezi anadabwa, chifukwa ku sukulu kwawo sanaphunzirepo.

Nkhondo itatha mu 1945 njala sinathe nayo. Buledi, amene sanali pa muyeso nkhondo ili m'kati, anayamba kugawidwa moyeza kuyambira 1946 mpaka 1948. Tiyi anamasulidwa mu 1952, mazira mu 1953, chaka chimene Elizabeth II anavekedwa ufumu komanso chimene ife tinalowetsedwa m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Muyeso wonse unatha mu Julaye 1954. Mu 1957 bungwe la British Egg Marketing Board linayamba kudinda kamkango pa dzira lililonse ndi kulimbikitsa anthu pa wailesi ya kanema kuti asapite ku ntchito asanadye dzira. Mbadwo wa agogo unalera ana ake ndi kadzutsa ameneyu, ndipo kwa iwo dzira la tsiku lililonse linali umboni woti mavuto apita.

Kenako mu Disembala 1988 Edwina Currie, wachiwiri kwa nduna ya zaumoyo m'boma la Margaret Thatcher, ananena pa wailesi ya kanema kuti nkhuku zambiri zoikira mazira m'dzikoli zili ndi kachilombo ka salmonella, kamene kamayambitsa kutsegula m'mimba ndi kutentha thupi. Anthu anasiya kugula mazira, alimi anapha nkhuku mamiliyoni, ndipo mayiyo anatula pansi udindo pasanathe milungu iwiri. Kwa zaka pafupifupi 30 ana, amayi apakati ndi okalamba ankalangizidwa kudya mazira opsa kwambiri okha. Mu 1998 alimi anabwezeretsa kamkango kofiira kaja, tsopano kotanthauza kuti nkhuku zinalandira katemera, ndipo mu Okutobala 2017 bungwe la Food Standards Agency linalengeza kuti dzira la chidindo chimenechi ana, amayi apakati ndi okalamba angalidye losapsetsa. N'chifukwa chake ndisanaike dzira la agogo m'poto ndimayang'ana kamkangoko ndi deti lake. Inunso mudzatero, chifukwa m'manja mwanu mudzakhala moyo wa kholo la wina.

Choncho inu a kumudzi musatengere kaphikidwe aka. Nkhuku zathu zongoyenda pabwalo zilibe katemera ameneyo, ndipo dzira la mwana kapena la mayi woyembekezera liwire mpaka chachikasu chiume. Chimene ndikufuna titengere ndi kabuku kobiriwira kaja.

Mwezi watha ndinaimbira foni amama kumudzi kwathu, kufupi ndi Mkaika. Mlamu wanga ali ndi pakati, ndipo ndinawapempha kuti azimuwiritsira dzira, iye ndi ana awiri a pakhomopo. Anakhala chete kaye, kenako anati, "Mwana wanga, nanga nkhuku zidzachuluka bwanji?" Tinawerengera limodzi. Thadzi lawo lakuda limaikira mazira 12 kapena 13 lisanayambe kufungatira, ndipo si onse amene amaswa. Tinagwirizana kuti azilisiyira 8, otsalawo alowe mumphika. Ndinatumizanso ndalama ya katemera wa chitopa, amene amadontheza m'diso la nkhuku, kuti awauze alangizi a ziweto akamadzadutsa m'mudzi.