MBIRI YA DOTHI LONYEZIMIRA

Munthu ali yense amene anakulira pamudzi adziwa m'mene amai amaumbira mbiya. Akakumba dothi ku mtapo amalisinja, nacotsamo timiyala, naumba mphika kapena mtsuko. Mbiyayo ikayamba kuuma amatenga nkhulungo, kamwala kosalala ka kumtsinje, nakulunga nako kufikira mbiya iwala. Ena amayamba apakapo dothi lofiira losungunula m'madzi kuti ikongole koposa. Nkhani ino ndi ya luso lofanana ndi limeneli, koma la ku maiko akutali. Tidzaona m'mene anthu a ku Greece ndi ku Italy anali kunyezimiritsira mbiya ndi dothi lokha, m'mene nzeruyo inatayikira zaka zoposa 1,000, ndi m'mene oumba a masiku ano anaitolera naipatsa nchito yatsopano.

Tiyambe ndi dothi lenilenilo. Mbale zoyera zimene timagula m'sitolo zimawala cifukwa anazikuta ndi galasi losungunuka pamoto. Dothi limene tiri kunena pano liribe galasi. Woumba amasungunula dothi m'madzi ambiri, nathiramo soda pang'ono kapena madzi a phulusa, onga cidulo cimene amai amaphikira therere. Mankhwalawa amaletsa timibulu ta dothi kugwirana. Akasiya madziwo tsiku limodzi kapena kuposerapo, mcenga ndi dothi lolemera zimakhala pansi, koma dothi losalala koposa limatsala lirikuyandama pamwamba. Limeneli ndilo amatsanulira m'cotengera cina, nalisiya kuti madzi acepe kufikira likhale ngati mkaka. Akalipaka pa mbiya youma, timibulu tace timagona mosanjikizana monga mamba a nsomba, ndipo akapukuta ndi nsaru yofewa mbiya imawala isanaone moto. Ophunzira amacha dothi limeneli terra sigillata, mau a Cilatini otanthauza dothi lodindidwa cizindikiro.

Agriki a mu mzinda wa Athens anacuka nalo luso limeneli zaka 500 ndi mphambu Kristu asanabadwe. Pa mitsuko yao anali kujambula anthu, akavalo ndi nkhondo, ndipo mitundu inali iwiri, wakuda ndi wofiira. Codabwitsa ndi cakuti utoto wakudawo sunali utoto ai, linali dothi lomwe lija, ndipo cimene cinali kusiyanitsa mitunduyo ndico kasonkhedwe ka moto. M'dothi muli citsulo. Citsuloco cikapsa pamene pali mpweya wambiri cimafiira ngati dzimbiri, koma cikapsa mu utsi cimada. Tsono Agriki anali kuyamba ndi moto wa mpweya wambiri, ndipo mtsuko wonse unali kufiira. Pambuyo pace anali kutseka ziboo za ng'anjo ndi kuponyamo nkhuni zaziwisi, mtsuko wonse nuda. Potsiriza anali kutsegulanso ziboozo. Pamene sanapake dothi losalala panali kufiiranso, koma pamene anapaka panali patamatana kale ndi moto, mpweya sunathe kulowapo, ndipo panatsala pakuda ndi ponyezimira. Anacita zonsezi popanda cipangizo coyezera moto. Anali kungoyang'ana mtundu wa malawi ndi timapale toyesera timene anali kuturutsa m'ng'anjo.

Aroma anakonda mtundu wofiira. Zaka ngati 30 kapena 40 Kristu asanabadwe, mzinda wa Arezzo ku Italy unayamba kuturutsa mbale ndi zikho zofiira zonyezimira, zina zoumbidwa m'zikombole zokhala ndi maluwa ndi zinyama. Eni nchito anali kudinda maina ao pansi pa mbale, ndipo pa zidindo zambiri timawerengaponso maina a akapolo amene anali kuziumba. Nchitoyi inafalikira ku Gaul, dziko limene lero licedwa France. Pa malo ochedwa La Graufesenque, pafupi ndi Millau, ng'anjo imodzi inali kulandira mbale zikwi makumi angapo nthawi imodzi, ndipo oumba anali kulemba mawerengero ace pa mbale ndi kacitsulo kosongoka, kuti ali yense adziwe zace moto ukazima.

Malonda ace anafika patali ndithu. Pamene phiri la Vesuvius linakwirira mzinda wa Pompeii m'caka ca 79, m'nyumba ina munali bokosi losamasula la mbale 90 zocokera ku Gaul pamodzi ndi nyali zadothi 37. Ofukula analipeza liri comweco. M'caka ca 1945 Mortimer Wheeler anafukula mapale a mbale zofiira za ku Italy pa Arikamedu, ku gombe la kum'mawa kwa India. Africa nayenso anali ndi gawo lace. Ng'anjo za m'dziko limene tsopano ndi Tunisia zinapambana za ku Ulaya pa malonda, ndipo mbale zao zofiira zinayenda m'maiko onse ozungulira nyanja ya Mediterranean kufikira zaka za m'ma 600.

Pambuyo pace luso lija linazimirira. Ufumu wa Aroma utapasuka malonda akutali anafooka, ng'anjo zazikuru zinazima, ndipo m'zaka zotsatira oumba anatembenukira ku mbale zokutidwa ndi galasi. Palibe woumba wakale amene anasiya buku lofotokoza kapangidwe ka dothilo. Nzeruyo inali m'manja ndi m'maso mwa anchito, ndipo pamene panasowa mwana woiphunzira inapita nao kumanda. Anthu a ku Ulaya anapitiriza kutola mapale ofiira m'minda mwao, nasirira mitsuko ya Agriki yoturuka m'manda akale, koma kapangidwe kace sanakadziwe. Ambiri anayesa kuti ndi galasi kapena vanishi. M'caka ca 1895 Hans Dragendorff wa ku Germany analongosola maumbidwe a mbale za Aroma nawapatsa manambala amene ofukula amagwiritsabe nchito, koma cinsinsi ca kuwala kwace cinatsala. Cinadzaululika bwino m'caka ca 1942, pamene Theodor Schumann, katswiri wa mankhwala wa ku Germany komweko, anaonetsa kuti ndi dothi losungunula ndi kulekanitsa m'madzi. Cinthu cimene oumba a ku Athens ndi akapolo a ku Arezzo anali kucidziwa ngati kusinja, cinabvuta anthu ophunzira mibadwo yambiri.

Luso litabwera silinabwerere ku nchito yace yakale. Mafakitale anali atadzaza kale misika ndi mbale zotsika mtengo, cotero amene analitola ndiwo oumba zinthu zoti anthu aziyang'ana, monga zifanizo za anthu, za nyama, ndi mitsuko yosatungira madzi. Amalikonda cifukwa galasi limakuta coumba ngati copfunda cocindikala nilibisa mizere ya zala, pamene dothi losalalali ndi lopyapyala, ndipo limaoneka ngati khungu la munthu wodzola mafuta. Liri ndi bvuto lace: moto ukapitirira kwambiri madigiri 1,000 kuwala kuja kumacepa, cotero zoumbazo sizilimba ngati mbale za m'fakitale.

Mwa oumba otere, mmodzi wochuka koposa ndi mai wobadwira mu Africa, Magdalene Odundo. Anabadwira ku Nairobi m'caka ca 1950, napita ku England m'caka ca 1971 kukaphunzira zojambula. M'caka ca 1974 anapita ku Abuja, ku Nigeria, ku sukulu ya zoumba imene anayambitsa Michael Cardew, ndipo kumeneko anaphunzira kuumba ndi manja kwa amai a Cigwari, makamaka Ladi Kwali, amene cithunzi cace cinaikidwa pa ndalama ya 20 naira. Anakaonanso oumba a San Ildefonso Pueblo ku New Mexico, amene amakulunga mbiya zao ndi mwala nazidetsa ndi utsi. Anatsiriza maphunziro ace ku Royal College of Art ku London m'caka ca 1982.

Kaumbidwe ka Odundo mai wa pamudzi angakazindikire msanga. Saumbira pa gudumu lozungulira. Amaumba ndi manja, kuonjeza dothi pang'onopang'ono ndi kulikokera m'mwamba, napala, nakulunga. Kenaka amapaka dothi losalala lija, nakulunganso. Moto woyamba, wa mpweya wambiri, umapatsa coumbaco mtundu wofiirira wowala. Akafuna cakuda amaciochanso mu utsi, nthawi zina kangapo. Zoumba zace ziri ndi mimba, khosi lalitari ndi kamwa lopendekeka, ndipo wozipenya amaona mai wapakati, kapena namwali woweramitsa mutu, kapena mfundo za msana. Ziri mu British Museum ndi mu Victoria and Albert Museum ku London, ndi mu Metropolitan Museum ku New York. M'caka ca 2020 analandira ulemu wa Dame ku Britain, ndipo caka comweco coumba cace cimodzi cinagulidwa mapaundi oposa 200,000. Dothi limene Aroma anali kudyeramo ndiwo tsiku ndi tsiku lakhala cuma cosungidwa m'magalasi.

Tisanene kuti zonsezi ndi luso limodzi lenileni. Dothi la Aroma linali kuwala ndi moto wa ng'anjo, pamene mbiya za kwathu zimawala ndi nkhulungo nizipsa pa moto wa pabwalo. Odundo anaphatikiza njira ziwirizi, ndipo theka la nzeru yace analilandira kwa amai a mu Africa amene sanalembe buku.

Pamenepa pali cotiphunzitsa. M'midzi yambiri ndowa za pulasitiki ndi mapoto a citsulo zalowa m'malo mwa mtsuko ndi nkhali, ndipo atsikana odziwa kumene kuli mtapo wabwino acepa. Nzeru ya agogo athu iri m'manja mokha, monga inaliri ya akapolo a ku Arezzo. Akuluakulu anati, mau a akulu akoma akagonera. Koma kuumba sikugonera, pakuti mwini luso akamwalira sipatsala womfunsa. Ngati m'mudzi mwanu mukali mai woumba, pitani mukakhale naye pansi. Mukamfunse kumene amakumba dothi, cimene amasakaniza nalo, masiku amene amayanika mbiya pamthunzi, ndi nkhuni zimene amaochera. Mulembe zimene anena, ndipo mutengeko mwana kuti agwire dothi ndi manja ace.