Nyumba ya Chamare ku Mua: Phunziro kwa Ife a ku Sasare

Inu mafumu, anamkungwi ndi alendo olemekezeka amene mwabwera kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi kuno ku Mkaika, tiloleni tikufotokozereni za nyumba yosungiramo mbiri imene ili patsinde pa mapiri a Dedza, m'dziko la Malawi, ndi chimene ikutiphunzitsa ife a ku Sasare, Petauke ndi Nyimba.

Ulendo wopita kumeneko ngwautali, koma suli wachilendo. Wochokera ku Sasare amadzera ku Petauke, Katete ndi Chipata, naoloka malire pa Mwami. Akafika ku Dedza amatsetsereka ndi msewu wokhotakhota wa Golomoti kufikira ku Mua. Potero amakhala akulondola mapazi a makolo chobwerera, pakuti kufupi ndi Mua, cha ku Mtakataka, ndiko kuli Mankhamba, likulu lakale la Kalonga. Kumeneko ndiko Undi anachokera ndi anthu ake, nalowera kumadzulo mpaka anakakhazikika ku Mano, m'chigawo cha Tete. Katswiri wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, anapeza pa Mankhamba mikanda, minyanga, mkuwa ndi mapale a mbale zochokera ku China, umboni wakuti makolo athu anali amalonda odziwika kutali.

Mishoni ya Mua inayambidwa ndi ansembe a White Fathers mu 1902. Mu 1976 Bambo Claude Boucher, amene Achewa anawapatsa mfunda wa Chisale, anakhazikitsa pamenepo malo a luso ndi chikhalidwe otchedwa KuNgoni, ndipo pambuyo pake panamangidwa nyumba ya Chamare. Makoma ake akunja ngojambulidwa mbiri ya dziko. M'kati muli zipinda zitatu. Choyamba chimafotokoza mbiri ya mishoni, ndipo chachitatu chimaonetsa miyambo ya Angoni ndi Ayao. Koma Mchewa amaima nthawi yaitali m'chipinda chachiwiri, mmene muli nkhope za Gule Wamkulu zoposa 400. Apo mpamene mlendo amazindikira kuti chilombo chilichonse chili ndi mwambo wake: china chimadzudzula ulesi, china dama, china mfumu yosamva za anthu ake.

Panja pali mitengo yachilengedwe ndi mtsinje wa Nadzipokwe. Izinso n'zamwambo, pakuti nkhope imasemedwa pa mtengo, nivekedwa nthenga, zikopa ndi luzi. Nkhalango ikatha, gule amasauka, ndipo sing'anga amasowa kokumba mankhwala.

Alipo akuluakulu amene amafunsa ngati nkoyenera kuika za kudambwe pamaso pa aliyense. Funsoli nlolemera ndipo sitilipeputsa. Za kudambwe n'za eni mzinda, ndipo iwo ndiwo oyenera kulamula chimene chingaonekere ndi chimene chiyenera kubisika. Komabe tikumbukire kuti mwambo ungathe kutsekedwa pakamwa. Boma la atsamunda linaletsa Kulamba mu 1934, chaka chomwecho chimene nyumba yosungiramo zakale ya ku Livingstone inayamba, ndipo panapita zaka 50 kufikira pamene Kalonga Gawa Undi X anautsa mwambowu mu 1984. Amene anausunga zaka zonsezo anali okalamba, m'mitima mwawo. Akadatsikira nawo kuli chete, sibwenzi UNESCO italemekeza Gule Wamkulu mu 2005.

Nanga kwathu? Dera la Sasare nalonso lili ndi mbiri yoyenera denga lake. Abale athu Ansenga a kwa Kalindawalo amasimba za ubale wawo wakale ndi Undi. Golide amene anakopa Apwitikizi ku Mano m'zaka za m'ma 1700 ndiye anakopanso azungu ena kuno. Karl Wiese atalandira chilolezo kwa Mpezeni, kampani ya North Charterland inakhazikitsidwa mu 1895, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 mgodi wa golide wa Sasare unali ukukumbidwa. Mabuku a azungu amasimba za miyala ndi phindu. Za makolo amene ananyamula miyalayo pamutu kuti apeze ya msonkho, zinatsala pakamwa pa adzukulu awo, amenenso tsopano ndi nkhalamba.

Mua si mzinda waukulu, ngakhalenso Mbala, kumene kuli nyumba ya Moto Moto imene inabadwa ndi zinthu zimene Bambo Jean-Jacques Corbeil anasonkhanitsa. Konseko ntchito inayamba ndi kutola chimodzichimodzi. Mutu umodzi susenza denga. Tikupempha mafumu apereke malo, aphunzitsi ndi ana asukulu alembe zimene agogo akunena pamodzi ndi maina a mitengo ndi ntchito zake, ndipo banja lililonse lisataye khasu lachikale, mvukuto, nkhwende kapena chiphaso cha msonkho cha malemu. Tizisonkhanitse chiswe chisanatitsogolere.