Laibulale ya Bungwe la Rhodes-Livingstone ndi Nchito Zake

Mwina inu amene muwerenga nkhani ino munalowapo m'laibulale ya kusukulu kapena ya m'tauni, kumene munthu abwereka buku la nthano nalibweza patapita masabata awiri. Koma pali mtundu wina wa laibulale umene anthu ambiri saudziwa, pakuti kawirikawiri ukhala kuseri kwa maofesi, wopanda cikwangwani cacikulu pamseu. Imeneyi ndiyo laibulale ya bungwe lofufuza. Kuti muone cimene icita, tiyeni titsate mbiri ya imodzi ya m'dziko lathu lino, imene inayambira ku Livingstone, ndipo pambuyo pake inasamukira ku Lusaka.

M'caka ca 1935 anchito a m'migodi ya ku Mufulira, ku Nkana ndi ku Luanshya ananyanyala nchito cifukwa ca kusintha kwa msonkho, ndipo ku Luanshya anthu 6 anaphedwa ndi mfuti. Boma la Atsamunda linadzidzimuka. Linali kuganiza kuti liwadziwa anthu amene linali kuwalamula, koma linaona kuti za moyo wao wa m'makomboni silinali kudziwa kanthu. Patapita zaka ziwiri, m'caka ca 1937, Bwanamkubwa Sir Hubert Young anakhazikitsa bungwe lofufuza za miyambo ndi makhalidwe a anthu a m'maiko ano. Analicha Rhodes-Livingstone Institute, pokumbukira Cecil Rhodes ndi David Livingstone, maina amene anali othandiza popempha ndalama kwa makampani ndi kwa maboma. Linali bungwe loyamba la mtundu wotere mu Afirika, ndipo poyamba linali limodzi ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Livingstone, kufikira pamene ziwirizi zinalekana mu 1946.

Mtsogoleri wake woyamba, Godfrey Wilson, anayamba nchito mu 1938, napita kukaphunzira moyo wa anchito a pa mgodi wa Broken Hill, kumene lero ticha Kabwe. Eni mgodi sanakondwe poona Mzungu acezerana ndi anthu akuda monga anzake, ndipo anamletsa kulowa m'makomboni. Iye anasiya nchito mu 1941, nalowedwa m'malo ndi Max Gluckman, amene anali kufufuza pakati pa Alozi. Nkhondo itatha, Gluckman anapeza ndalama zolembera ofufuza ena, nawatumiza kumadera osiyanasiyana.

Apa ndi pamene nchito yoyamba ya laibulale ionekera. Taganizani munthu amene afuna kukakhala caka cathunthu m'mudzi wa Angoni kuti amvetse za ukwati ndi za ufumu. Kodi angonyamuka ndi hema ndi pensulo? Iai. Ayenera kuyamba wadziwa zimene ena analemba kale: mabuku a amishoni, malipoti a Bwana D.C., mapu a dziko, ciwerengero ca anthu, ndi zimene ofufuza a kumaiko ena anapeza pakati pa mitundu yofanana ndi imeneyo. Akapanda kutero ataya miyezi kufunsa zinthu zodziwika kale, ndiponso akhulupirira zolakwa zimene wina anazikonza kalekale. Wosunga mabuku m'bungwe lofufuza sali mlonda wa mashelefu cabe. Iye ndiye amene mumuuza funso lanu, nakuikirani pa tebulo mabuku atatu ndi lipoti limodzi lakale limene inu simunadziwe kuti liliko. Ndiye amenenso alemba makhadi a buku lililonse, ndi kukonza mindandanda ya zolembedwa zonse za mtundu umodzi kapena za nkhani imodzi, nchito yotopetsa imene sitamandidwa kawirikawiri.

Nanga mabuku ocokera kutali afika bwanji m'laibulale ya bungwe losauka? Ena agulidwa, ena apatsidwa ndi anthu. Koma malaibulale a mabungwe ofufuza akula makamaka mwa msinthano: inu mutumiza zimene mwasindikiza ku yunivesite ya kutsidya kwa nyanja, iwonso akutumizirani zao. Amene alibe cotumiza salandira kanthu. Bungwe la Rhodes-Livingstone linali naco cosinthanitsa, pakuti linayamba kusindikiza timabuku ta zofufuza zake mu 1938, ndipo mu 1944 linayambitsa magazini yake, Human Problems in British Central Africa. Linalinso kutulutsa malipoti otaipa ndi kucurukitsa pa makina a m'ofesi, makope owerengeka okha.

Malipoti otere, oipa maonekedwe, a mapepala ofiirira omangidwa ndi mawaya, ndiwo cuma ceniceni ca laibulale ya bungwe lofufuza. Buku losindikizidwa ku Manchester mungalipeze m'maiko ambiri. Koma lipoti la msonkhano limene anapanga makope ocepa, likadyedwa ndi ciswe, lapita. Cifukwa cake laibulale yotere iumira pa zinthu zina, nikukanizani kupita nazo kunyumba. Musakwiye nazo, mwina kope limene mwagwiralo ndi limodzi mwa otsala owerengeka.

Ife a ku Cigawo ca Kum'mawa tili ndi gawo lathu pa mashelefu amenewa. John Barnes anakhala pakati pa Angoni a Mpezeni kuyambira mu 1946, ndipo buku lake la mbiri ya ulamuliro wao linatuluka mu 1954. Max Marwick anafufuza pakati pa Acewa, nalemba za ufiti ndi milandu ya pa cibale m'buku limene linatuluka mu 1965. Clyde Mitchell anayamba ndi Ayao a ku Nyasaland, nadza ku Migodi, kumene analemba za gule wa kalela wa ku Luanshya mu 1956. M'mabuku amenewa muli mibadwo ya mabanja, malongosoledwe a midzi, ndi mau a nkhalamba zimene zinafa kale. Sikuti zonse nzoona ai. Olembawo anali alendo, ndipo cinenero anaciphunzira atakula. Nkhalamba zina zinawauza zimene zinaganiza kuti Mzungu afuna kumva, zinanso zinabisa dala, makamaka za ku dambwe. Muziwerenga monga mumvera mboni pa bwalo, mboni imene inaona zambiri koma inaima mbali imodzi.

Ndipo pali cinthu cina cimene cikuto ca buku sicinena. Mlendo aliyense wa amenewa anali ndi anthu a dziko lino omthandiza, amene anali kumasulira, kuwerenga nyumba, kulemba maina ndi kufunsa mafunso amene Mzungu sakanayankhidwa. Ku Migodi anthu otere ndiwo anayenda khomo ndi khomo kudzaza mapepala a mafunso. Maina ao mudzawapeza m'mau oyamikira a kumayambiriro kwa buku, ngati alipo n'komwe. Mmodzi wa iwo anali M. B. Lukhero, Mngoni, amene ali mnyamata anagwira nchito ndi Barnes. Mwambo wa Nc'wala unali utaleka Angoni atagonjetsedwa ndi Angerezi mu 1898. Pamene unatsitsimutsidwa mu 1980, Lukhero anali mmodzi wa amene anagwira nchitoyo, ndipo iye mwini analemba buku la mwambowo. Luso la kufunsa nkhalamba ndi kulemba zimene zanena, limene analiphunzira pothandiza mlendo, analigwiritsa nchito pa zinthu za kwao.

Phindu la zosungidwa m'laibulale yotere licedwa kuoneka, monga mtengo wa mango umene wobzala saudya msanga. Onani za ku Gwembe. Elizabeth Colson, amene anatsogolera bungweli pambuyo pa Gluckman, anapita ku cigwa ca Zambezi mu 1956 pamodzi ndi Thayer Scudder, kuti alembe moyo wa Atonga madzi a damu la Kariba asanamize midzi yao. Anthu pafupifupi 57,000 anasamutsidwa mbali zonse ziwiri za mtsinje. Awiriwo analemba za minda ya m'mbali mwa madzi, za malo opembedzerapo mizimu, ndi za mabanja amene anali m'mudzi uliwonse. Ndipo anabwerera kambirimbiri kukaona za anthu omwewo ndi ana ao. Buku la Colson la 1971 linasonyeza zimene kusamutsidwa kucita kwa anthu: njala ya zaka zoyamba, kusakhulupirira mafumu, mikangano ya minda. Zimene anaphunzira ku Gwembe zinafika kutali, pakuti Scudder anadzakhala mmodzi wa akuluakulu a bungwe lofufuza za madamu a padziko lonse, limene linapereka lipoti lake mu 2000. Colson anamwalira ku Monze mu 2016, ali ndi zaka 99. Mdzukulu wa ku Gwembe amene afuna kudziwa mmene makolo ake anali kukhalira sangapite kukaona matongwe, pakuti ali pansi pa nyanja. Angapite ku laibulale.

Komabe tisaiwale kufunsa kuti laibulale imeneyi inali kutumikira yani. Pafupifupi zonse zinalembedwa m'Cingerezi, pa nthawi imene ana a dziko lino ofika ku sekondale anali owerengeka. Mai wa kumudzi amene anachula mibadwo ya kwao kwa wofufuza sanaone tsamba limene mau ake analembedwapo. Malaibulale a anthu onse anacedwanso. Nthambi ya boma yoyang'anira nchito imeneyi inayamba mu 1962. Ndiponso si zonse zinatsala kuno. Ofufuza ambiri pocoka ananyamula makope ao a kumudzi, kotero kuti mapepala a Godfrey Wilson asungidwa ku Cape Town, a Mitchell ku Oxford. Wophunzira wa ku Zambia wofuna kuwaona ayenera kupeza ndalama za ulendo, kapena kupempha kuti amjambulire. Kunena zoona, ici ncowawa, ngakhale tivomereze kuti kumeneko asungidwa bwino.

Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950 bungweli linasamuka ku Livingstone kudza ku Lusaka, kunja kwa mzinda pang'ono, ca ku Munali. Dziko litalandira ufulu mu 1964, dzina la Rhodes silikanakhalitsa. Mu 1965 bungwelo linakhala nthambi ya Yunivesite ya Zambia, nalichedwa Institute for Social Research. Mu 1971 linakhala Institute for African Studies, ndipo kuyambira mu 1996 lichedwa Institute of Economic and Social Research. Tsopano ana a dziko lino ndiwo anali kufunsa mafunso ndi kulemba maina ao pa cikuto. Mmodzi wa iwo, Mubanga Kashoki, amene anadzatsogolera bungweli, anakonza pamodzi ndi Sirarpi Ohannessian buku lalikulu la zinenero za m'Zambia limene linatuluka mu 1978.

Nyumba ya laibulale yaikulu ya yunivesite inatsegulidwa ndi Pulezidenti Kaunda mu 1969, ndipo inapatsidwanso udindo wotumikira mtundu wonse pa zofufuza. M'menemo muli cigawo capadera ca zolembedwa za Zambia, cimene cisunga mabuku a bungwe lakale lija, malipoti a boma, ndi zolemba za ophunzira a madigiri apamwamba. Zambiri mwa zolemba za ophunzirazi tsopano ziikidwanso pa intaneti, kumene mphunzitsi wa ku Lundazi angaziwerenge pa foni, cinthu cimene Gluckman sakanacilota. Koma mapepala ambiri akale akali kufuna kuti munthu afike yekha, akhale pansi, awatsegule ndi manja.

Mukaganiza zopita kukafufuza za kwanu, konzekerani. Dziwani dzina la mudzi, la nyakwawa ndi la mfumu yaikulu, ndi zaka zimene mufuna. Kumbukiraninso kuti mabuku akale achula malo ndi maina a nthawi yao: Chipata mudzampeza pa Fort Jameson, Kabwe pa Broken Hill, Mansa pa Fort Rosebery, Mbala pa Abercorn, Malawi pa Nyasaland. Dzina la mtundu umodzi lingalembedwe mosiyanasiyana, pena Cewa, pena Chewa, pena Achewa, ndipo mukafunafuna limodzi lokha mudzaphonya ena. Tengani kope ndi pensulo, ndipo pofika muyambe mwauza wosunga mabuku funso lanu lonse, musanapemphe buku limene muganiza kuti ndilo mufuna.